Sipoko pakhosi pa a Sakala

Ndani ananama kuti kuno ku Mambwe madokotala ndi osowa? Lachiwiri lapitali ndinawaona ndi maso angawa atadzaza msewu wa ku Nsefu, ena makasu paphewa, ena thonje pamutu.

A Sakala, msodzi amene ndimamugula milamba, anagwa ndi njinga pamchenga. Mkondo wawo wolasira nsomba, uja amasula ndi sipoko ya njinga, unathyoka n'kuwalowa pakhosi, cham'mbali. Ndinawapeza atakhala tsonga, sipoko ili njo.

Pomwepo chipatala chinatsegulidwa.

"Zulani msanga, dzimbiri lingalowe m'magazi!" anatero mkulu wina, uku akutulutsa pulayala. Mayi wina anabwera ndi madzi oti amwe, mnzake ndi shuga wothira pabala. Anyamata a mafoni nawo anajambula mokhulupirika.

Amake Tisa, mkazi wa a Sakala, anangong'amba chitenje n'kupanikiza mbali zonse za sipokoyo kuti isagwedezeke.

"Alamu, chotsani dzanja," anauza wa pulayala uja. "Mukazula, magazi muwatolera ndinu?"

Anthu anawanena amake Tisa kuti ndi ouma mtima. Ine mantha anandigwira, poti munthu ankapuma movutikira.

Tinawakweza a Sakala pagalimoto ya thonje ali chikhalire. Kuchipatala namwino sanazulenso. Anamvetsera kapumidwe, anawauza atchule dzina kuti amve ngati mawu asasa, anayang'ana ngati khosi likutupa kapena bala likutulutsa thovu. Sanapisemo chala, madzi sanawapatse ngakhale dontho. Anawaika diripi n'kuitana ambulansi ya ku Chipata, kumene amajambula kaye asanachotse. Akuti pakhosi mitsempha ikuluikulu, njira ya mpweya ndi ya chakudya zinathinana, ndipo nthawi zina chokulasacho ndiye chitseko cha magazi.

Wa pulayala uja, amene anatitsatira, anapukusa mutu. "Masukulu onsewa, kulephera kuzula kawaya!"

Ndife otero ife. Njinga ikathyoka timaikankha mpaka kwa makaniko, koma pakhosi pa munthu aliyense ndi katswiri. Chili kwa mnzako umati chigwire nyanga.

A Sakala ali moyo, ngakhale mawu akadali osasa. Ku Chipata anapeza ngowe ya mkondowo itakola pambali penipeni pa mtsempha. Ngowe imene mwana aliyense wa ku Luangwa amadziwa kuti ikalowa m'mlamba, potuluka imatuluka ndi mnofu.

Ndiye inu a pulayala, tsiku limene sipoko idzakhale pakhosi panu, tidzakuitanireni ndani? Katswiri mnzanu, kapena mayi wouma mtima uja?