Ndasankha nsalu yoyera chifukwa cha manyazi

Mwaswera bwanji nonse?

Lero ndinapita ku Cassacatiza kukasankha nsalu yokutira masofa athu ong'ambika aja. Pochoka, bambo a Zito anandiuza kawiri konse kuti, "Mukatenge napa yakuda, ija yonga chikopa, yolimba, yongopukuta. Paja tili ndi ana atatu."

Amisiri anandiyalira nsalu zambiri patebulo, napa yakudayo ili pomwepo. Koma nditawerama kuti ndione bwino, mwana wanga Lusiya, amene anali kumsana akudya bango lakupsa, anatambasula dzanja n'kugwira veludo, nsalu yofewa yaubweya, yoyera mbee. Zala zisanu zachikasu zinadindika pamenepo!

Ine manyazi anandigwira, ndinaphimba msanga ndi dzanja langa. Amisiri n'kuti, "Mayi, mwaikonda imeneyo eti? Mumadziwa kusankha!" M'malo moulula, ndinangoti, "Eee, njokongola." Iwo anatenga lumo n'kudula ya masofa onse atatu, ine ndili zyoli, dzanja lidakali pomwepo.

Bambo a Zito akadali kumunda, sanamve kanthu.

Achemwali, alamu, ndipatseni nzeru. Ndibwerere mawa kukaulula kwa amisiri, kapena anawa azikhala pamphasa mpaka adzakwatire?