Nsanza ya Mayi Milunka

"Iwe wangochoka kumene kusukulu, tandiuze: mphepo imapha munthu?"

Anandifunsa choncho Bambo Vukašin pa masitepe a mdadada wathu m'tauni ya Zaječar, patapita sabata chiikireni maliro a akazi awo. Ine ndinangowalambalala n'kutsika masitepe.

Bambowa anagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu pa fakitale ina, mpaka tsiku limene anapeza unyolo pageti. Chimene anatsala nacho ndi pulayala ndi makina owumitsira zovala amene anagula chaka cha ukwati wawo. Kampani yopanga makinawo inatha kalekale, dziko limene inalimo linathanso.

Akazi awowo, Mayi Milunka, atadwala sitiroko, makinawo anasanduka moyo wa nyumba. Nsalu zapabedi zinkafunika kuchapa kawiri patsiku, ndipo m'nyengo yachisanu nsalu ukaiyanika pakhonde imauma gwa ngati thabwa, koma ikadali yonyowa. Kugoneka wodwala pa chinyezi ndiye kuitana zilonda.

Vuto linali bowo. Makinawo amatulutsira mpweya wotentha panja kudzera pa paipi yoboola khoma, ndipo pabowo lomwelo pankalowa kamphepo. Kwathu kuno mphepo yodutsa m'nyumba timaitchula promaja, ndipo agogo athu amaiopa kuposa mbala. Mayi Milunka ankaiopa kuposa onse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Zorica, anafa ndi chibayo ali ndi zaka zinayi, tsiku lina zenera litasiyidwa lotsegula.

"Vule, yalowa! Ikundinyambita m'khosi," ankaitana amuna awo ndi dzina lachidule ali pabedi, mawu akukokeka. "Tseka bowo lako lija."

"Mkazi iwe, ndikatseka waya upsa."

"Upse! Si ndiwe katswiri? Katswiri wa fakitale yakufa."

"Pakamwa pokha sitiroko inapaiwala," ankang'ung'udza bambowo, koma nsanza ankaitenga ndithu n'kuikankhira mu paipi.

Ankadziwa bwino zimene akuchita. Mpweya ukasowa potulukira, waya wotenthetsa uja, wopota ngati sipuling'i, umafiira mpaka kuduka. Ukaduka, ankagwada kuseri kwa makina, kumasula chivindikiro, kudula popsapo, kukoka nsonga ziwiri n'kuzilumikiza. Waya ukafupika umatentha kwambiri, ukatentha kwambiri umadukanso msanga. Mu Disembala unaduka kawiri. Mu Januwale kanayi.

M'mawa wina wa Febuluwale anaukoka, nsonga zinangokhudzana movutikira. Anakhala pansi nthawi yaitali, khofi akuzizira pambali. Anali atazungulira kale kumsika wa zakale ndi kwa anzake onse a ntchito. Waya wotero kunalibe.

"Milunka, uku ndi kulumikiza komaliza. Ukadukanso ugona ponyowa."

"Ndiye?"

"Ndiye nsanza ndikuchotsa."

"Unatsegulira Zorica zenera, lero ukutsegulira ine."

Zaka makumi anayi mayiwo anali asananenepo mawu amenewo. Bambo Vukašin anasolola nsanza ija, yakuda ndi utsi, n'kuiponya mu chidebe. Kenako anafunditsa akazi awo mabulangete atatu, kuwamanga mpango kumutu, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi jekete lawo. Makina anayenda bwino kuposa kale. Nsalu zinkatuluka zofunda, waya sunadukenso.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi mayiwo anayamba kutsokomola. Pa la khumi ndi chiwiri anamwalira.

Dokotala anati odwala ogonera nthawi yaitali amatero, chakudya chimalowera m'mapapo. Amayi apamdadada, atavala zakuda, anamva za nsanza ija ndipo anangoyang'anana. Amayi anga nawonso anapukusa mutu.

Pano makina ali zii, waya wake wamoyo, koma palibe chowumitsa. Dzulo ndinaona kuchokera pabwalo kuti pabowo paja pali nsanza yatsopano. Bambowo alitsekera ndani bowolo, sindikudziwa.

Ine sukulu ndinaisiya tisanafike pa za mapapo, ndipo maganizo anga onse ali pa basi ya ku Vienna, kumene ndikupita kukafuna ntchito. Koma ndisanakwere, mawa ndikagogoda pakhomo pa Bambo Vukašin. Ndikawauza kuti mphepo siipha munthu, kuti ndinawerenga m'buku la sayansi, tsamba lake ndikatchula. Bukulo sindinaliwerengepo, koma ndikalankhula mosaphethira.