Chisi m'magalasi a aphunzitsi

Ndili Fomu 2 ku Mwazisi, aphunzitsi athu a sayansi anabweretsa kusukulu TV imene mchimwene wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Iwo anali a ku Zomba, ndipo pa Chitumbuka ankangodziwa moni ndi "yewo". Anati TV imeneyi si wamba: ukavala magalasi ake, zithunzi zimaoneka ngati zatuluka kubwera pamene uli. Magalasiwo anali ochepa, apulasitiki, otuwa, choncho tinkaonera mosinthana.

Nthawi yanga itakwana ndinawavala. Chinsomba chinasambira kulunjika mphuno yanga mpaka ndinabweza mutu. Koma chimene chinandidabwitsa si nsombayo. Ndisanavale, madzi a pa TV ankawala ngati malata atsopano. Nditavala, anazilala ngati kukubwera mvula.

"Waona chiyani, mtsikana iwe?" anafunsa aphunzitsi.

Ine m'kalasi sindinkayankhula, ndipo mawu amene anatuluka anali a kwathu. "Muli chisi, aphunzitsi."

"Chisi chiti? Apa ndi pakati pa nyanja, palibe mtunda."

Kalasi yonse inaseka. Kwawo kwa aphunzitsiwo chisi ndi chilumba. Mnzanga wa desiki imodzi anawamasulira kuti kwathu kuno chisi ndi mdima.

"Mdima? Anzako onse aona bwinobwino. Ngati iwe ukuona mdima, maso akowo ali ndi vuto. Uwauze mayi ako akutengere kuchipatala ku boma akakuyeze. Lolemba undiuze zimene anena."

Ananena mwachifundo, koma poweruka anyamata anayamba. "Agogo, tikugwireni mkono? Kutsogoloku kuli dzenje."

Kunyumba sindinanene kanthu. Inali nthawi yosankha fodya, ndipo amayi ankakhala m'chigafa kuyambira m'mawa. Ulendo wa ku boma ukanawadyera tsiku lathunthu chifukwa cha matenda amene ndinalibe. M'kope langa lachinsinsi ndinalemba kuti: "Ndine amene ndimawalowetsera amayi ulusi pasingano. Maso anga ali bwino. Mdimawo uli m'magalasi, ndipo ndiupeza."

Lachinayi ndinafika pakhomo la ofesi ya aphunzitsi kawiri, ndi kubwerera osagogoda. Lachisanu ndinagogoda. Ndinapempha, maso ali pansi, kuti ndionerenso pa nthawi yopuma. Anandiyatsira TV, n'kupita kukamwa tiyi.

Ndinayamba wopanda magalasi. Chithunzi chinali chowala koma chapawiri, nsomba iliyonse ili ndi inzake yoipanikiza m'mbali. Nditavala, ziwirizo zinakhala imodzi. Kenaka ndinasendera pafupi kwambiri, mphuno pang'ono kugunda TV, n'kutsinzina diso lamanja. Ndinaona timizere topingasa, towonda ngati ulusi: kowala, kakuda, kowala, kakuda. Nditasintha diso, timizere takuda tija tinawala, towala tija n'kuda.

Ndinakhala pansi kuganiza. TV ikuonetsa zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china cha diso lamanzere, china cha lamanja, zolukidwa mzere ndi mzere ngati mkeka. Galasi lililonse limalowetsa mizere yake yokha ndi kutsekereza ya linzake. Zithunzizo zimasiyana pang'ono, monga mmene chala chimasunthira ukachiyang'ana ndi diso limodzi kenaka linalo, ndipo ubongo ukaziphatikiza umaona chakutali ndi chapafupi. Koma ngati diso lililonse likumanidwa theka la mizere, likumanidwanso kuwala kwa mizereyo. Kuwonjezera apo pulasitikiyo ndi yotuwa, nayo imadyako kwake. Ndinayesa pa pepala loyera la m'kope, nalonso linazilala.

Loweruka ndi Lamulungu ndinkayeserera mawu anga ndikuthandiza amayi kumanga fodya, m'Chichewa chokhachokha, kuti pasapezekenso mawu osokoneza.

Lolemba aphunzitsi asanafunse ndinakweza mkono. Anzanga onse anatembenuka kundiyang'ana, chifukwa mkono umenewo anali asanauonepo m'mwamba.

"Kuchipatala sindinapite, aphunzitsi. Ndikupempha muvale magalasi."

"Ee, lero odwala ndi amene akuyeza dokotala," anatero, koma anavala.

Ndinawauza kuti ayang'ane pamene pali poyera, akweze magalasi pamphumi, awatsitse, akwezenso. Anachita katatu. Kenaka ndinawapempha kuti asendere pafupi ndi kutsinzina diso limodzi. Anawerama pamenepo nthawi yaitali, tayi ikulendewera, mpaka wina kumbuyo anati, "Aphunzitsi alowamo."

Ataweramuka anandifunsa kuti timizereto n'tachiyani. Ndinafotokoza zonse, za mkeka, za theka, za pulasitiki yotuwa.

"Nanga anzakowa bwanji sanauone mdimawo?"

"Ankayang'ana nsomba, aphunzitsi."

Anaseka, natenga rimoti n'kuwonjezera kuwala mpaka pamapeto. Nditavalanso, madzi anawalako, ngakhale sanafike pamene amafika wopanda magalasi, ndipo ndinawauza choncho.

"Za kuchipatala zija zisiye," anatero. Anandipatsa choko. "Jambula timizere tako pabolodi, anzako akopere."

Ndinajambula mizere isanu ndi itatu, n'kuyamba kudetsa wachiwiri uliwonse.