Njinga Yaitali ya Che Uladi

Che Uladi a kwa Kawinga anali munthu wamfupi, ndipo musandifunse kuti wamfupi bwanji. Akaima pamzere wa swala mumzikiti, mutu wawo unkalekezera m'mapewa mwa anzawo. Koma matama, eee! Mu 1972, pochokera ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, analowa m'sitolo ku Balaka kukagula njinga. Wogulitsa anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuwatulutsira yaifupi.

"Iyayi," anatero Che Uladi. "Wochokera ku Joni sakwera ya mwana wasukulu. Ndipatseni iyo."

Imeneyo inali yakuda bii, yaitali, ya zitsulo ziwiri pakati.

"Taimani pakati pake, bambo, tione ngati mapazi agunde pansi," anachonderera wogulitsayo.

Anakana, ati mwamuna sayezedwa ngati nsalu.

Kumudzi anafika nayo chokankha. Anatsitsa chishalo mpaka pothera, koma pedulo ikapita pansi inkalithawa phazi. Basi, njinga inasanduka yongopukuta. Lachisanu ankaikankha kupita kumzikiti, belu likulira, fumbi lili m'miyendo. Feston, mnansi wawo wamtali amene ankapindika pa kanjinga kakafupi kokatengera nsomba kunyanja ya Chiuta, anawapempha katatu kuti asinthane.

"Kanjinga ka nsomba, ine?" Anamupirikitsa pakhomo.

Chaka chotsatira, nyengo yotentha, tsiku linakwana la Asiya, mkazi wawo, amene ankayembekezera mwana woyamba. Anavutika kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa pamutu. Azamba anatuluka m'nyumba nkhope ili gwa.

"Mwana wagona chopingasa. Thamangani nawo kuchipatala cha mishoni, apo ayi mutaya onse awiri."

Galimoto lichokera kuti kumudzi kotero? Feston anali atalawirira kunyanja. Che Uladi anapinda nsalu pa kaliya, n'kukhazikapo mkazi wawo. Anakwerera pa chulu, nadzikankha. Pedulo inatsika, phazi linatsala m'malere, onse awiri m'mchenga khu! Asiya sanalire n'komwe, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa kwambiri. Che Uladi anayesanso polowetsa mwendo pansi pa chitsulo monga amachitira ana, manyazi onse atatha. Njinga inapendekeka, inakana.

Ndiye anayamba kukankha, dzanja lina pa handulo, lina litagwira msana wa mkazi. Mchenga unkawotcha mapazi. Thukuta ndi misozi zinasakanikirana.

"Che Uladi, palasani, ndikufa ine," anatero Asiya, maso ali chitsinzire.

"Ndikupalasa, Abiti Usumani, ndikupalasa." Bodza limenelo linawawawa kuposa kugwa kuja.

Dzuwa litapendeka, atayandikira msewu wa ku Nsanama, anakumana ndi Feston akubwera ndi dengu la matemba. Feston anaponya kanjinga kake pansi, nsomba mbwee, n'kudumphira pa njinga yaitali ija ngati anabadwira pomwepo.

"Mayi, ndigwireni malaya!" Ulendo, fumbi lokhalokha.

Che Uladi anatola kanjinga ka nsomba kuti alondole. Ataima pakati pake, mapazi onse awiri anagunda pansi. Atapalasa, kanathamanga bwinobwino, kosagwedera. Bambo wamkulu analira mokuwa pamsewu, anthu akuona.

Kuchipatala anapeza Feston atakhala pakhonde, mutu uli pansi. Namwino anatuluka.

"Akazi anu ali moyo. Mwanayo tamulephera. Mukanafika dzuwa lisanapendeke, bwenzi tikunena zina."

Kanjinga kaja sanakabwezenso, ndipo Feston sanakafunse. Che Uladi anakakwera mpaka ukalamba, kutengerapo odwala a m'mudzi wonse osalandira kanthu. Koma ulendo wawo woyamba wonyamula munthu pa kanjingako unali wa m'mawa mwake mwa tsiku lija. Mwanayo anali wamwamuna. Anamukulunga m'nsalu yoyera, n'kumuika pa kaliya, ndipo njira yonse yobwerera kwa Kawinga sanagwe ngakhale kamodzi.