Tsiku Limene Ndinakuwa Kuti Namapopa

Lachinayi, m'mawa.

Dzulo kumsika ndinamuonanso bambo uja, akukoka mwendo. Zimene ndikulembazi ndi zoona, sindikuwonjezera kanthu, ndipo ngakhale mayi anga sadziwa kuti zimandivutabe.

Ndinali Fomu 1, chaka chimene kwathu kuno ku Likangala kunadzaza mphekesera za anamapopa. Tinkadzuka ndi timadontho tofiira m'mikono, ndipo amayi oyandikana nafe nyumba ankalumbira kuti pamenepo ndi pobaya jakisoni, ati anthuwo amatumidwa ndi mabwana akunja ndipo amakupopa magazi iwe osamva n'komwe. Ine wakusekondale ndinakhulupirira, nanga timadonthoto sindinali nato?

Loweruka lina, mvula itangokata, ndinakwera kuphiri kukathandiza azakhali anga kugulitsa mabulosi pamsewu. Nditatsikira kumtsinje kukatsuka mbale, ndinapeza bambo wachilendo atagwada, atavala magolovesi, jakisoni wamkulu ali m'manja, kabokosi kali pambali. Sindinamufunse kanthu. Ndinangoliyatsa liwiro ndikukuwa kuti namapopa, namapopa!

Odula mitengo amene anali chapafupi anatsika ndi nkhwangwa zawo. Bamboyo anakweza manja, nati iye ndi wophunzira ndipo akungoyeza madzi, koma Chichewa chake chinali chakumpoto, ndiye wina anamufunsa kuti achimwene, kodi madzi a kwanu anatha kuti mudzayeze athu? Anthuwo atatsegula kabokosi kaja anapeza timabotolo ta madzi ofiirira, ndipo mkulu wina anati taonani anthuni, magazi a ana athu wachita kusungunula.

Mwala woyamba unamupeza pakamwa. Ndinaona ndi maso angawa mano awiri akugwera m'matope, iye akulavula magazi uku akutchulabe kuti madzi, madzi. Wina anamumenya ndi mpini pabondo, linalira ngati nkhuni youma ikuthyoka. Azakhali anakuwa kuti mupha mwana wa eni ake, koma anawakankhira kumbali, ndipo wina anali atayamba kale kufunsa amene ali ndi machesi. Pakanapanda lole ya ogwira ntchito m'nkhalango imene inaima, iwo n'kumuponya pamwamba pa zipika n'kuthawa naye, bwenzi ndikulemba za maliro.

Nanga timadontho tija? Mayi atatulutsa matiresi padzuwa, munatuluka nsikidzi zosawerengeka. Ndipo tili Fomu 3 aphunzitsi a sayansi anatitengera kumtsinje, mvula itagwanso, natulutsa jakisoni wonga yemwe uja, natunga madzi ofiira ndi dothi. Anzanga ankaseka kuti aphunzitsi asanduka namapopa. Ine ndinakasanza kuseri kwa nsungwi.

Masiku ano ndimakhulupirira kuti magazi amene anakhetsedwa chaka chimenecho tinakhetsa ndife, ndipo woyamba kuitana anthuwo ndinali ine, ndi pakamwa pangapa. Inu amene mudzawerenge izi, mukaona chinthu chimene simukuchidziwa, chonde funsani kaye mwini wake musanakuwe, chifukwa anthu akatola miyala samvanso ngakhale amene anawaitana.

Amayi ogulitsa tomato andiuza kuti bamboyo amabwera pamalo pawo Lachisanu lililonse masana. Mawa ndikaweruka ndikamudikira pomwepo, ndikagwada, ndikamuuza kuti mtsikana amene anakuwa uja ndine. Kaya akanditukwana, kaya akangondiyang'ana, ndikakhala chigwadire mpaka amalize.