Mabuku a ba sisi tinakulungira vitumbuwa

Lachiwiri lapitali mlongo wanga wamkulu, ba Esnati, anatsika minibasi pamsika wa Kafue atakhala zaka zambiri kunja kwa dziko. Tinafika kunyumba ku Nangongwe, anamwa tiyi, kenaka anandiyang'ana nati, "Iwe Yosefe, mabuku yanga yaja yali kuti?"



Kwa inu amene simuwadziwa, ba sisi ndi katswiri wa sayansi yofufuza mmene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu. Moyo wawo wonse athera pa tinthu ting'onoting'ono tam'maselo totchedwa mitokondiriya. Ife osaphunzira ankatiuza kuti ndi timbaula ta thupi: nshima ndiye makala, mpweya ndiye wokolezera. Kunjako ndi pulofesa, ndipo ena mwa ana asukulu amene anawaphunzitsa lero akuphunzitsa anzawo.

Koma ntchito yonseyo inayambira ku Chanyanya, dooko la asodzi pamtsinje wa Kafue. Loweruka lililonse ankapita kwa asodzi ndi fulasiki ya ayezi, kugula ziwindi za nsomba, nsombazo n'kuzisiya. Asodzi ankawaseka kuti mayi uyu mutu sukuyenda bwino. Ku yunivesite ankayeza mmene timbaula tam'ziwindizo tikuyakira, n'kulemba zonse pamanja m'mabuku asanu achikuto chakuda.

Zinthu zitayamba kuvuta, mulabu munatha mankhwala oyezera, mafiriji anafa osakonzedwa. Ba sisi ananyamuka. Mabukuwo anandisiyira ine, poti pabanja pathu ndine ndinali ndi ntchito yokhazikika ndi nyumba yosadontha.

Sipanapite nthawi, kufakitale anatidula ntchito. Mkazi wanga anayamba kukazinga vitumbuwa, ine wogulitsa pasiteshoni. Kodi chitumbuwa chamoto mungamupatse kasitomala m'manja? Manyuzipepala akale atatha, ndinatsegula sutukesi momwe ndinkasungamo mabuku aja. Ndinaona manambala okhaokha, mizere, ndi mawu osawerengeka. Ndinati, munthu ali kwa azungu, makina ali mbwee, angafunenso zolemba pamanja?

Ndinayamba ndi masamba akumapeto, ati kuti ndisawononge zambiri. Kupusa kwake!

Ndinawauza zoona ba sisi, n'kuwaikira pathebulo zikuto zisanu zopanda kanthu. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Uziba, Yosefe," anatero motsitsa mawu, "zija sininazitulutse kulikonse. Nenze kufuna kulinganiza nsomba za kale na za manje. Za manje ningayeze olo mawa. Koma mumana uja, mtsinje wa kale, nizaupeza kuti?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Mtsinje wasintha, namasupuni waphimba madzi, asodzi akudandaula kuti nsomba zachepa. Umboni wa mmene nsombazo zinalili poyamba unali m'sutukesi mwanga, ndipo ndinaugawira apaulendo a sitima tsamba limodzilimodzi. Madzi akatayika saoleka.

Ndikuchita manyazi, ndipo mlanduwu ndi wanga. Koma abale, ndili ndekha? Pitani pamsika mawa, muyang'ane zimene akukulungira nshawa ndi kapenta. Mupeza mapepala a mayeso, malipoti a mafakitale otsekedwa, mwina ndi zolemba za munthu amene anazitayira unyamata wake wonse. Masiku ano akutiuza kuti chilichonse chizidzilipirira chokha. Chimene sichigulika lero timati n'chabechabe.

Munthu wathu akatchuka kunja timaguguda pachifuwa: "Uja ni wa pa Kafue, tinakulira pamodzi!" Ine ndemwe ndinkanyadira ba sisi kwa makasitomala, kwinaku dzanja likung'amba buku lawo. Sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti manambalawo akunena chiyani. Kalata imodzi yokha ikanakwana.

Lachinayi mkazi wanga anapeza tsamba limodzi pansi pa beseni la vitumbuwa, litanona mafuta mpaka kuonekera mbali zonse. Ba sisi anavala magalasi, analiwerenga pang'onopang'ono, nati, "Iyi inali nsomba ya msodzi uja ba Shamaindi, tsiku lija bwato linatsala pang'ono kutigudubuza." Anaseka pang'ono, analipinda bwinobwino, n'kuliika m'pasipoti.

Dzulo ndawaperekeza kukakwera minibasi ya ku Lusaka. Anabwera ndi chikwama chopanda kanthu choti anyamuliremo mabuku asanu, ndipo achisiya kwathu.

Nanga inu, pepala limene mwapukutira mafuta m'manja lero, munayamba mwaliwerenga?