Luni wa M'munda wa Eni

Munda umene ndimalima kufupi ndi Ulongwe ndi wa akazi anga. Ine ndinabwera pa chikamwini, koma amene anautchukitsa ndine. Mankhwala opha udzu atafika m'masitolo, ndinali woyamba m'mudzimo kubereka sipuleya kumsana. Chimanga chinaima chokhachokha, pansi pali mbee ngati pabwalo la mzikiti. Odutsa pa njinga ankatsika kuti aone.

Akazi anga anadandaulapo kuti luni, chisoso ndi denje sizikumeranso m'mizere. Ndinawayankha kuti ine ndimalima chimanga, osati ndiwo za osowa. Nkhwali zinasiya kulira kumalire, ziwala zinasowa, achule a m'khwawa anangoti zii. Ndinaona, koma sindinalabadire.

Dzinja lina akazi angawo anadwala kwambiri. Titachoka kuchipatala ku Liwonde anayamba kukana chakudya. Phala ankalavula. Nsomba, mazira, ankangoyang'ana kumbali. Thupi linkatha tikuona. Kenako anati mwina luni wotendera angalowe.

Ana onse anali kutauni. Ndinatenga lichero ndekha n'kuyenda munda wonse, mzere ndi mzere. Sindinapeze ngakhale tsamba limodzi.

Tinachita malire ndi mayi wina wamasiye, wolima ndi khasu basi. Ndinkawanena pagulu kuti akuweta njoka. Ndinawapeza akupalira, luni ali paliponse pakati pa chimanga ndi nandolo.

"Mwasochera kodi, achimwene? Kunotu n'kuthengo," anatero.

Ndinawauza za matendawo. Chipongwe anasiya pomwepo, koma anati ndithyole ndekha, iwo ali pa ntchito. Ndinagwada m'udzu umene ndinkaunyoza, munthu wa imvi, n'kuyamba kuzula ndi mizu yomwe.

"Iyayi, nsonga zokha. Mukazula, mawa mudzathyola chiyani?"

Amayi opita kudambo anaima panjira kundiyang'ana. Palibe amene anaseka. Bola akanaseka.

Kuphika anandithandiza mlamu wanga wamkazi. Akazi anga anadya pang'ono tsiku limenelo, mawa lake anadyako ndithu. Atapeza mphamvu yolankhula anafunsa kumene ndinaupeza luniyo. Ndinawauza. Kenako anati ndipitenso, ndipo ulendo uno ndinyamule mchere wokathokozera.

Ndinapita, lichero kumanja, kudzera njira yaikulu, dzuwa lili pamutu.